MWANA WANENEPA KU KOLEJI: KODI TIKONDWERE?

Inu makolo a ku Nabvutika, ku Kapata, ku Mchini ndi m'midzi yozungulira Chipata, amene munaperekeza ana anu ku basi ya ku Lusaka, kapena kuwasenzera katundu kufikira pakhomo pa Chipata College of Education, madzulo ano ndifuna kukamba nanu za cinthu cimene tonse ticiona ndi maso, koma tanthauzo lace tiliphonya kawirikawiri.

Mwana akabwera kwao pa chuthi coyamba, masaya atadzaza, zobvala zitayamba kumthina, m'nyumba mumakhala cimwemwe. Ambuye ace amamgwira mkono nati, "Wanenepa mwana, sukulu yamuyanja." Sitingathe kuwadzudzula akuluwo. Anthu amene anaona njala ya 1992 ndi ya 2002, amenenso anaika ana ao m'manda pa zaka zija matenda a AIDS anali kuondetsa anthu mankhwala asanafike m'zipatala zathu, ali naco cifukwa ca kuopa thupi loonda. Komatu si kunenepa konse kumene kusonyeza kuti munthu ali kudya bwino.

Ku America nkhani iyi inachuka kale, ndipo anaipatsa dzina lakuti Freshman 15, ndiko kunena kuti wophunzira watsopano amaonjeza mapaundi 15, kapena makilogalamu pafupifupi 7, m'caka cace coyamba. Anthu ophunzira ataika ana pa sikelo anapeza kuti mbiriyo inakuza zinthu. M'caka ca 2011 Bambo Jay Zagorsky a ku Ohio State University ndi mnzao anaonetsa kuti ambiri amaonjeza mapaundi ngati 3 cabe, ndi kuti anzao a msinkhu womwewo amene sanapite ku koleji ananenepanso pafupifupi cimodzimodzi. M'caka ca 2015 akatswiri a ku Oxford anasonkhanitsa zopimidwa pa ophunzira oposa 5,000, napeza kuti mwa ophunzira 10 ali onse, 6 ananenepa, ndipo onenepawo anaonjeza makilogalamu opitirira 3 pang'ono. Mwina mudzati, makilogalamu 3 ndi ciani? Bvuto lace ndi lakuti mafuta obwera pa msinkhu umenewu sacoka msanga, ndipo makhalidwe amene anawabweretsa amatsala ndi munthu. Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Tsono tiyeni tione cimene cimasinthika. Taganizani za tsiku la mtsikana wa ku Nabvutika asanapite ku koleji. Amadzuka m'mamawa, nasesa, nakatunga madzi, nayenda pansi ulendo wa ku sukulu, kupita ndi kubwera. Dzinja likafika, khasu limamdikira kumunda. Mlongo wace amapalasa njinga pa zitunda za m'tauni muno, nthawi zina atakweza thumba la makala. Palibe mmodzi wa iwo amene amacha zimenezi masewera olimbitsa thupi, koma thupi limadziwa. Akafika ku koleji, nchito yonseyo imatha tsiku limodzi. Kucokera kogona kufika m'kalasi ndi mphindi zowerengeka, ndipo nchito yatsopano ndiyo kukhala pa mpando kuyambira m'mawa kufikira pakati pa usiku. Mimba yokha siimva kuti khasu laikidwa pansi. Imafunabe mtanda wa nsima wa kale lomwe.

Cakudya naconso cimasinthika, ndipo apa ndi pamene ndifuna kuti mucherepo khutu. Kunyumba mwana anali kudya nsima ndi ndiwo za masamba, nyemba, kapenta, therere, nshawa, pa nthawi imene amai ace apakula. Ku koleji, kwa nthawi yoyamba m'moyo wace, ndalama ili m'dzanja lace ndipo mphika uli kwa iye yekha. Nyemba zifuna maola pamoto, pamene citumbuwa cili capafupi pa kantemba. Cotero tsiku limayamba ndi tiyi wa shuga wambiri ndi mabanzi, masana chipisi ndi soseji, usiku buledi ndi cakumwa cozizira. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 500 lili ndi magalamu 53 a shuga, ndiwo timasupuni ta tiyi pafupifupi 13. Bungwe la World Health Organization linalangiza m'caka ca 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu ngati 50 pa tsiku lathunthu. Botolo limodzi latha kale muyeso wonse, tiyi wam'mawa uja tisanamwerengere. Onjezanipo kucezera usiku ndi mabuku, pakuti munthu wosagona mokwanira amamva njala koposa. Onjezaniponso mowa kwa anyamata ena, ndi kupukwa kwao kumene kumacititsa ena kutafuna kanthu kuti mtima ukhale pansi.

Musaganize kuti awa ndi mabvuto a ana a anthu olemera okha. Pamene boma linacotsa ndalama za cakudya kwa ophunzira a pa University of Zambia ndi Copperbelt University m'caka ca 2019, kufikira linazibwezera m'caka ca 2023, ana a anthu osauka ndiwo anabvutika koposa. Ndipo munthu wa ndalama zocepa amagula cimene cidzaza mimba pa mtengo wotsika, ndico ufa wokazingidwa m'mafuta ndi madzi a shuga. Wotereyo akhoza kunenepa, koma magazi ali ocepa m'thupi, ali kuodzera m'kalasi. Enanso amabwera kwao ataonda ndi njala yeniyeni. Onse awiri afunika kufunsidwa funso limodzi: kodi dzulo unadya ciani?

Dziko lathu lili kusinthika m'njira yomweyi. Kufufuza kwa boma kwa m'zaka za 2001 ndi 2002 kunapeza kuti akazi 12 mwa 100 ali onse anali olemera kopitirira muyeso. Pofika 2013 ndi 2014 anali 23. Pambuyo pa kulemera kotere pamadza matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene amalowa mwakacetecete ndi kudya ndalama za banja zaka zambiri. Ndi cinthu comvetsa cisoni kuti banja ligulitse cimanga ndi ng'ombe kuphunzitsa mwana, iye napeza nchito, kenaka malipiro ace nathera ku mankhwala ali ndi zaka 40.

Koma ndikupemphani, musamseke mwana, makamaka mtsikana. Mau a cipongwe amacititsa ena kudzimana cakudya kapena kugula tiyi woondetsa, monga enanso amagula mankhwala onenepetsa pamsika. Zonse ziwiri ndi zoopsya. Kumbukiraninso kuti mnyamata wa zaka 18 kapena 19 akali kukhwima, ndipo kulemera kwina ndi minofu ndi mapewa, kumene kuli koyenera.

Inu amai, pomanga katundu wa mwana wobwerera ku sukulu, musadzaze shuga ndi saladi zokha. Ikanimo nshawa za Chalimbana zimene dera lathu lichuka nazo, nyemba, mfutso, kapenta ndi ufa wa mgaiwa, ndipo mumuuze kuti nyemba akaziviika usiku zimapsya msanga. Inu ophunzira, yendani pansi mphindi 30 masiku 5 pa sabata, kapena lowani m'timu ya mpira.

Ndipo ngati mufuna kudziwa kuti thupi la mwana lili pati, simusowa sikelo. Tengani cingwe, muyese msinkhu wace kucokera kumutu kufikira kuphazi, mucipinde pakati, ndi kucizunguliza m'mimba pamwamba pang'ono pa mcombo. Nsonga zikakumana, palibe coda nkhawa. Zikalephera kukumana, apite ku cipatala akampime shuga ndi kuthamanga kwa magazi asanakwere basi.