Kompyuta Imaona Denga, Siona Ogona M'nyumbamo

Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe amagwira ntchito yokonza mapulani a mizinda m'boma, anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka.

  Mwandipempha kuti ndikambeko za nzeru za makompyuta, zimene pa Chingerezi akuzitcha Artificial Intelligence, mwachidule AI, ndi momwe zikulowera pa ntchito yokonza mizinda. Ine si katswiri wa makompyuta. Ndiyankhula ngati munthu amene tsiku ndi tsiku amagwira mapu ndi mafayilo a malo.

Poyamba tione kukula kwa vuto. Pa kalembera wa 1977 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 99,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka pafupifupi 990,000, pamene Blantyre anali ndi anthu 800,000. Ndiye kuti pa zaka 41 zokha Lilongwe anakula kakhumi. Asaveya athu, ngakhale atalimbikira chotani, sangathamange liwiro limeneli. Mapu akamatuluka, ku Mtandire, ku Chinsapo ndi ku Kauma zimakhala zitamera kale nyumba zina. Anthu ambiri a m'mizinda yathu amakhala m'madera amene sanayalidwe pa pulani, ndipo nkovuta kukokera madzi kapena kulambula msewu kumalo kumene mapu akuonetsa tchire.

Apa ndi pamene makompyuta akuthandiza. Kachitidwe kake nkotere. Amatenga zithunzi zojambulidwa kumwamba ndi ndege kapena satelayiti. Anthu amakhala pansi nkumalemba pa zithunzi zambirimbiri kuti ili ndi denga, uwu ndi msewu, uwu ndi mtengo. Kompyuta imaphunzira pa zitsanzozo, kenaka imayamba kuzindikira yokha madenga pa zithunzi zimene sinazionepo. Mu 2021 kampani ya Google inatulutsa mapu otere oonetsa nyumba zoposa 500 miliyoni za muno mu Africa. Chaka chomwecho bungwe la Ordnance Survey la ku Britain linagwiritsa ntchito njira yomweyi kujambula mapu a Lusaka, mzinda wa anansi athu, pa dera la masikweya kilomita 420. Ntchito imene ikanadya nthawi yaitali ndi nsapato zambiri inatheka mwachangu.

Phindu lake sindingalibise. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe. Mapu atsopano, ataphatikizidwa ndi kupendekeka kwa nthaka ndi njira za madzi, angathe kuonetsa nyumba zimene zili pangozi mvula isanagwe. Angathenso kutiuza koyenera kuika mpope, sukulu kapena chipatala. Choncho ine sindikukana makinawa. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikufuna titsegule mkuyuwo limodzi.

Nyerere yoyamba ndi zimene kompyuta siona. Denga la malata limawala, motero limaoneka bwino. Denga la udzu limafanana ndi nthaka, ndipo nyumba ya pansi pa mtengo wa mango imabisika. Kumene nyumba zathithikana, madenga atatu angathe kuwerengedwa ngati limodzi. Ngakhale kompyuta itawerenga molondola, siingadziwe kuti pansi pa denga limodzi pali zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi, chipinda chilichonse banja lake. Siidziwa kuti pa bwalo looneka lopanda kanthu ndi pamene amayi amayala tomato madzulo, kapena kuti kathengo kaja ndi manda. Mukaonetsetsa, amene amasowa pa chithunzi ndi osauka omwe aja amene anasowa kale pa mapu akale.

Vutoli si lathu lokha. Cha m'ma 2012 mzinda wa Boston ku America unayambitsa pulogalamu ya pa foni yotchedwa Street Bump. Dalaivala akamayenda, foni inkamva kugwedezeka kwa galimoto nkutumiza uthenga kuti apa pali dzenje. Nzeru yake inali yabwino, koma ofufuza anachenjeza kuti okalamba ndi osauka ambiri analibe mafoni oterowo, motero maenje a kwa olemera ndi amene akanamveka kwambiri. Tangoganizani kwathu kuno. Tikamayeza kayendedwe ka anthu pogwiritsa ntchito mafoni, mayi wopita kukatunga madzi m'bandakucha atasiya foni kunyumba sawerengedwa. Mwana woyenda pansi kupita kusukulu sawerengedwa. Mapeto ake tidzakuza msewu wa magalimoto, koma mlatho wa oyenda pansi osamanga.

Nyerere yachiwiri ndi yoopsa kuposa yoyamba. Mapu omwe angabweretse mpope ndi omwenso angabweretse katapila. Mu 2005 boma la Zimbabwe linagumula nyumba ndi misika pa ntchito imene linaitcha Operation Murambatsvina. Lipoti la United Nations, limene analemba Mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Pa nthawiyo kunalibe makina amene tikukamba lero. Masiku ano kompyuta ingathe kuyerekeza chithunzi cha chaka chatha ndi cha chaka chino, nkutulutsa mndandanda wa nyumba zonse zomangidwa popanda chilolezo. Mndandandawo ulibe chifundo, ulibenso nkhanza. Chifundo ndi nkhanza zili mwa munthu amene waulandira. Ngakhale mapu oonetsa ngozi a ku Soche aja, ngati tingowagwiritsa ntchito pothamangitsa anthu osawapezera kwina kokhala pafupi ndi ntchito zawo, anthuwo adzabwerera kuphiri komweko.

Nyerere yachitatu ndi funso lakuti zonse zimene makinawa akutolera mwini wake ndani. Mu 2017 kampani ya Sidewalk Labs, ya banja limodzi ndi Google, inasankhidwa kukonza dera lotchedwa Quayside mu mzinda wa Toronto ku Canada. Inkafuna kuika tizipangizo toyeza kayendedwe ka anthu, magalimoto, zinyalala ndi magetsi. Nzika zinafunsa kuti, kodi zimenezi azisunga ndani, nanga azipindula nazo ndani? Mu 2018 Mayi Ann Cavoukian, amene ankalangiza kampaniyo pa zoteteza zinsinsi za anthu, anatula pansi udindo wawo. Mu Meyi 2020 kampaniyo inasiya ntchito yonse, nkunena kuti chuma chasokonekera ndi mliri wa Covid-19. Ngati anthu a mzinda wolemera chotere anaona kufunika kofunsa, kuli bwanji ife amene nthawi zambiri timalandira zipangizo ngati thandizo, nkumachita manyazi kufunsa za mgwirizano wake?

Ndiye titani? Mfundo yanga ndi imodzi. Kompyuta iwerenge, koma chigamulo apange munthu wodziwika dzina, woti angathe kufunsidwa. Tonse tinamvapo pa windo lina mawu akuti "sisitimu yakana," ngati kuti sisitimuyo ndi bwana woti sangaonedwe. Mawu amenewa asalowe pa nkhani ya nyumba za anthu. Ngati puloti ya mayi wamasiye yagwera m'kati mwa mzere wa msewu, payenera kukhala ofesala amene wapondapo phazi pamalopo, wasayina dzina lake, ndipo angafotokoze chifukwa chake m'chiyankhulo chimene mayiyo akumva. Payeneranso kukhala khomo lokadandaulako.

Komanso eni dera azifunsidwa. Mu 2009 achinyamata a ku Kibera, mu mzinda wa Nairobi, anayenda okha m'tinjira ta kwawo nkulemba mipope, zimbudzi, masukulu ndi zipatala pa ntchito yotchedwa Map Kibera. Zimene satelayiti siingaone, mwana wobadwira pomwepo amazidziwa. Chithunzi cha kumwamba chikakumana ndi mawu a mfumu, a amayi a pa mpope ndi a anyamata a kabaza, pamenepo ndiye timapeza mapu oona. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utakhala wa kompyuta.

Muno m'chipinda muli makhansala, maloya, aphunzitsi, akuluampingo ndi eni nyumba za lendi. Tsiku lina mudzakhala pa msonkhano pamene wina adzaonetsa mapu okongola nkunena kuti makina ndi amene apeza zimenezi. Ndikukupemphani, musachite mantha ndi kukongola kwake. Funsani kuti chithunzicho chinajambulidwa liti. Funsani kuti ndani anapita kukatsimikiza. Funsani kuti ndani wasiyidwa, ndani wasayina, ndipo wolakwiridwa akadandaule kuti. Safunsa anadya phula.

Pomaliza, A Wapampando, pamene tikukambirana zothandiza sukulu yathu ndi makompyuta, tisaiwale phunziro la jogalafe. Ana amene ali m'makalasi aja ndi amene adzayendetse makinawa. Tiwathandize kuti aziyenda m'midzi yozungulira sukulu, azijambula mapu ndi manja awo, azilonjera anthu ndi kuwafunsa. Mwana amene walowapo m'nyumba ya udzu nkupatsidwa mpando sadzafufuta nyumbayo pa kompyuta mopanda kuganiza.