MANKHWALA OTHIRA M'DIZILO NDI M'OILO WA LOLE

Nkhani ya lero ndi ya alimi amene ali ndi malole, ndiponso ya makoparativi amene anasonkha ndalama nagula lole imodzi ya onse. Ikhudzanso eni mathalakita ndi eni zigayo, pakuti injini zonsezi zimwa dizilo mmodzimodzi. Nyengo ya kukolola ikafika lole sigona. Inyamula cimanga, nshawa, soya ndi thonje kucokera m'midzi ya ku Lundazi, Katete ndi Petauke kunka ku madepoti ndi ku misika, ndipo zina zitsika mseu wa Great East Road, kuoloka Luangwa mpaka ku Lusaka. Lole ikafa m'mwezi wa July, phindu la caka conse lafa nayo pamodzi, cifukwa matumba sayembekeza munthu. Mwini matumba angoitana lole ya wina.

Cifukwa ca mantha amenewa, mwini lole akalowa m'sitolo ya zitsulo za galimoto maso ace agwera pa timabotolo ndi tizitini tondandalikidwa pa shelefu. Kena kalembedwa kuti kacepetsa dizilo amene injini imwa, kena kuti kabwezera mphamvu ku injini yokalamba, kenanso kuti katontholetsa kulira kwa magiya. Wogulitsa ali ndi pakamwa pokoma, ndipo mtengo wa kabotolo uoneka wocepa pouyerekeza ndi mtengo wa pampu yatsopano. Kodi tsono mankhwala amenewa apindulitsa, kapena angodya ndalama ya mlimi? Ambiri a iwo alibe nchito pa lole yosamalidwa bwino. Ena aononga ndithu. Alipo ocepa cabe amene athandiza, ndipo athandiza pa nthenda yodziwika dzina lace, osati pa injini yabwinobwino.

Kuyamba ndi dizilo, nkoyenera kudziwa kuti dizilo wa m'Zambia anasintha. Mpope wa TAZAMA, umene unatsegulidwa mu 1968 ndipo utalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, unali kubweretsa mafuta osayenga kuyambira mu 1973, ndipo anali kuyengedwa pa Indeni. Dizilo wa pamenepo anali ndi sulfure wambiri. Kuyambira mu 2023 mpopewo ubweretsa dizilo woyengeratu wa sulfure wocepa. Uku ndi kusintha kwabwino kwa injini, pakuti sulfure akapsa asanduka asidi amene adya zitsulo ndi kukalambitsa oilo msanga.

Komatu ogulitsa mankhwala agwira nkhani yomweyi nanena kuti dizilo watsopano ndi wouma, ndipo adzatha pampu. M'mau ao muli coona pang'ono. Pampu ndi manozo zilibe oilo wace wace. Zidzozedwa ndi dizilo yemweyo podutsa, ndipo poyenga kuti sulfure acoke zicokanso zina zimene ziterereza dizilo. Koma oyenga mafuta anaphunzira zimenezi kale, m'zaka za m'ma 1990, pamene maiko a ku Ulaya anayamba kucepetsa sulfure ndipo mapampu anayamba kuonongeka. Kuyambira pamenepo miyeso ya dizilo, monga wa ku Ulaya wochedwa EN 590, ilamula kuti kuterera kwace kuyesedwe, ndipo kukacepa mankhwala athiridwa dizilo asanagulitsidwe. Munthu wogula pa sitesheni yololedwa ndi Energy Regulation Board agula dizilo amene ayenera kukwana miyeso ya Boma, ndipo kuthiramonso botolo lina kuli ngati kuthira mcere m'ndiwo zothira kale.

Amene aumitsa dizilo kwenikweni ndi anthu ogulitsa m'zigubu m'mbali mwa mseu, amene ena a iwo asakaniza parafini kuti aculuke. Parafini saterera monga dizilo, ndipo pampu ikamwa masiku ambiri itha. Madalaivala ena pofuna kucinjiriza zimenezi athira m'thanki oilo wakuda wocokera m'injini. Ici ndi coipa coposa. Oilo wotere ali ndi mwaye ndi tizitsulo, atseka sefa, ndipo phulusa lace limata pa manozo. Malole akale a pampu ya mapaipi mwina apirira kwa kanthawi, koma malole atsopano ochedwa common rail afinya dizilo ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala ka mazana angapo, ndipo timabowo ta manozo ace ndi tating'ono ngati tsitsi. Kamcenga kamodzi ndi kokwanira.

Mankhwala otsuka manozo ndi amodzi mwa ocepa aja amene nthawi zina agwira nchito. Injini ikayamba kugwedera ndi kutulutsa utsi cifukwa ca zomata pa manozo, botolo la kampani yodziwika, lothiridwa pa muyeso wolembedwa, likhoza kusungunula zomatazo. Koma silingathe kubwezera citsulo cimene catha. Ngati utsi sunasinthe thanki imodzi kapena ziwiri zitatha, manozo apite kwa makaniko wa mapampu akayesedwe; kugulanso botolo laciwiri ndi lacitatu ndiko kucedwetsa ulendo umene udzacitikabe. Za mankhwala oletsa dizilo kuundana palibe zambiri zonena. Anapangidwira maiko kumene madzi auma ndi cisanu miyezi yathunthu, monga Canada ndi Russia, ndipo cisanu ca June ca kum'mawa sicifika pamenepo.

Mdani wamkulu wa injini za kumidzi ndi madzi. Mlimi wokhala kutali ndi sitesheni asunga dizilo m'migolo, ndipo mgolo umene suli wodzaza upuma: usana mpweya utuluka, usiku ulowa wacinyezi, ndipo mame atsikira pansi. Mvula nayo ikhala pamwamba pa mgolo woimirira nilowa pa citsekero. Madzi alemera kuposa dizilo, kotero akhala pansi osaoneka. Pa malire pamene madzi akumana ndi dizilo pamera tizilombo tosaoneka ndi maso pamodzi ndi nkhungu. Tikhala m'madzimo, tidya dizilo, ndipo tisiya zonanda zakuda ngati phala lopsereza. Zimenezi zikafika m'thanki ya lole sefa itsekeka kawirikawiri, injini ifooka pokwera phiri, ndipo dalaivala aganiza kuti pampu yafa.

Pano ndi pamene mankhwala opha tizilomboti ali ndi nchito yeniyeni, ndipo ndalama yace sipita pacabe. Koma agwira bwino pokhapokha madzi atayamba acotsedwa ndipo thanki yatsukidwa, cifukwa tizilombo takufa titsekanso sefa monga tamoyo. Mwini lole akhale ndi sefa zina zoyembekezera masiku amenewo. Ndipo nthendayi ipewedwa popanda kugula kanthu. Mgolo ugonekedwe capendeke pa mthunzi, usiyidwe tsiku lathunthu utafika kuti zonse zikhazikike, ndipo potunga paipi isafike pansi penipeni. Mgolo kapena ndowa ya malata onyezimira, okutidwa ndi zinki, isasungiremo dizilo, pakuti zinki asungunuka pang'onopang'ono nakamata pa manozo. Thanki ya lole idzazidwe madzulo, osati m'mawa. Pansi pa sefa ya malole ambiri pali kambale kosonkhanitsa madzi, kokhala ndi kampopi kace. Kukatsegula m'mawa kutenga kanthawi kocepa kuposa kumwa tiyi, koma alipo madalaivala amene ayendetsa lole zaka zisanu osadziwa kuti kalipo. Mankhwala ena alonjeza kumwetsa madzi m'dizilo kuti apse pamodzi. Amenewa apititsa madzi pa kambale kaja nawafikitsa ku pampu, kumene adzetsa dzimbiri.

Kunena za oilo wa m'injini, mlandu wa mabotolo ufooka kopambana. Oilo wabwino wa dizilo si mafuta okha. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi mankhwala othiridwa kale ku fakitale: otsuka, ogwira mwaye kuti usaundane, opha asidi, oletsa thovu, oteteza zitsulo pokhudzana. Onsewa ayesedwa pamodzi m'injini zenizeni kwa maora mazana ambiri, ndipo ayenera kulingana, cifukwa amodzi akaculuka alanda malo a anzace pa citsulo. Zilembo za pa cigubu, monga 15W-40 ndi API CI-4 kapena CK-4 imene inayamba mu 2016, ndizo umboni wa mayeso amenewo. Munthu akathiramo kabotolo kosadziwika, oilo uja salinso amene anayesedwa. Cifukwa cace mabuku ambiri a opanga injini aletsa kuonjezeramo kanthu, ndipo mwini lole yatsopano akhoza kutaya cikole ca kampani injini ikaonongeka.

Malonjezo a pa mabotolo anafikapo kale pamaso pa oweruza malonda. Ku America, bungwe la Boma lochedwa Federal Trade Commission linatsutsa ogulitsa Slick 50, mankhwala okhala ndi ufa wa PTFE, womwe uja umata m'mapoto osamatirira, cifukwa analibe umboni wokwanira wa zimene anali kulengeza, ndipo mu 1997 analetsedwa kunenanso zotero popanda umboni. Mu 2000 ogulitsa Dura Lube anavomera kulipira madola 2 miliyoni pa mlandu wofanana. Awa anali maina ochuka, olengezedwa pa wailesi ya kanema usiku ndi usana. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtundu wogulidwa kwambiri ndi uja wonanda ngati uci, wothira m'injini yokalamba. Ucita cimene uoneka kucita: utsi wa buluu ucepa, singano ya oilo ikwera, phokoso litsika. Koma malingi a mapisitoni ndi mabering'i akali otha monga dzulo, ndipo m'mawa mozizira oilo wonenepa acedwa kufika kumwamba kwa injini ndi ku tabo, imene izungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi ndipo siyembekeza. Mwina mankhwalawa angafikitse lole yodwala ku mapeto a nyengo ya malonda, ndipo mwini wace akacita modziwa kuti angogula nthawi, palibe womdzudzula. Woyenera kucenjera ndi munthu wogula lole yakale, pakuti uci umenewu ndiwo ubisa nthenda tsiku la malonda. Asolole kandodo koyesera oilo injini ili yozizira, aone ngati oilo adontha kapena atamuka ngati ulimbo.

M'giyabokosi muli cinthu cimene ambiri saciganizira. Muli mphete zamkuwa zimene nchito yace ndi kugwira ndi kulinganiza liwiro la magiya awiri asanalumane, ndipo zigwira mwa kukhuzana. Mankhwala otereretsa koposa azilanda mphamvu imeneyo, ndipo giya iyamba kukukuta polowa, ndiyo nthenda yomweyo imene botolo linalonjeza kuciza. Cofunika ndi oilo wa mtundu wolembedwa m'buku la lole, pakuti giyabokosi zambiri zifuna GL-4 pamene difu ifuna GL-5, ndipo kusinthanitsa awiriwa kuononga koposa kusowa kwa botolo lililonse. Pa thalakita ngozi ikula, cifukwa mathalakita ambiri ali ndi mabuleki omira m'oilo yemweyo wa magiya, ndipo munthu wotereretsa oilo ameneyo watereretsa mabuleki ace, ngolo ya matumba ili kumbuyo. Mankhwala otseka kudontha atupitsa mphira wa masilo. Akhoza kufikitsa lole kwao kucokera pakati pa ulendo, koma silo yong'ambika ifuna inzace yatsopano.

Malole ena atsopano ali ndi kathanki kaciwiri ka citsekero ca buluu, ka madzi ochedwa AdBlue. Amenewa si mankhwala a dizilo iai. Ndi urea wosungunulidwa m'madzi oyera, magawo 32.5 pa 100, wopemeredwa m'paipi ya utsi kuti autsuke. Akalowa m'thanki ya dizilo, injini isalizidwe mpaka thanki itakhuthulidwa, apo ai pampu ndi manozo zonse zapita. Ndipo mlimi wanzeru amene waganiza kale za thumba la urea liri m'nyumba aleke maganizowo, pakuti feteleza ali ndi zina zimene zitseka makinawo.

Latsala lonjezo lija lokoka mtima koposa, la kucepetsa dizilo. Ili mwini lole akhoza kuliyesa yekha ndi kabuku ndi pensulo. Adzaze thanki mpaka pakhosi, alembe makilomita, ayende ulendo wace wa masiku onse, adzazenso, nalembe malita amene alowa. Acite cotero maulendo anai popanda mankhwala ndi anai ndi mankhwala, mseu womwewo, katundu wolemera cimodzimodzi, dalaivala yemweyo. Ulendo umodzi sutsimikiza kanthu, cifukwa mphepo, matayala ofewa, sefa ya mpweya yodzala fumbi la August, ndi phazi la dalaivala pa zitunda za pakati pa Nyimba ndi Luangwa zisintha malita koposa botolo. Dalaivala asauzidwe tsiku limene mankhwala athiridwa, pakuti munthu wodziwa kuti ayesedwa ayendetsa mofatsa. Potsiriza awerenge mtengo wa botolo m'malita. Botolo logulidwa pa mtengo wa malita 5 a dizilo, lothiridwa m'thanki ya malita 100, liyenera kupulumutsa malita 5 kuti lingobweza ndalama yace yokha. Kabuku kakasonyeza malita 2, mwini lole wataya malita 3 pa thanki iliyonse.