Ndani Kapena Chiyani? Za Munthu, Cyborg ndi Makina Oganiza

Mawu amene mmodzi wa mamembala athu analankhula pa msonkhano wa pachaka



Komiti inandipempha kuti ndilankhulepo pa funso limene likuzunguza mitu ya anthu ophunzira masiku ano. Pali munthu wamba, pali munthu amene m'thupi mwake anaikamo makina, ndiye palinso makina amene amayankhula ngati munthu, aja akuwatcha AI. Kodi mwa atatuwa woyenera ulemu woposa ndani? Ine ndimagwira ntchito m'boma, choncho ndiyankha monga munthu amene tsiku ndi tsiku amasainira mapepala okhudza miyoyo ya anthu ena.

Chichewa chathu chinaligawa kale funsoli. Wina akagogoda pakhomo timafunsa kuti, "Ndani?" Kanthu kakagwa padenga timafunsa kuti, "N'chiyani?" Pali munthu, pali chinthu. Koma taonani zimene timachita tikafuna kunyoza mnzathu. Timamuchotsa m'gulu la anthu n'kumuponya m'gulu la zinthu, timvekere chitsiru, chidakwa, chigawenga. Malire amenewa timawasuntha ndife eni ake, ndipo kawirikawiri tikawasuntha pamakhala wina wolira.

Muyeso umene ife anthu a sukulu timathamangira ndi wa nzeru. Tonse tikukumbukira kuti teremu ikatha mayina ankandandalikidwa kuyambira nambala wani kufikira wotsiriza, ndipo tinakula tikuganiza kuti wapamwamba pa mndandanda ndiye munthu weniweni. Koma mu May 1997, ambiri a ife tili ku sekondale, kompyuta ya kampani ya IBM yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse pa masewera a chess, mumzinda wa New York. Ngati ulemu umayezedwa ndi kuchenjera, ndiye kuti tsiku limenelo Kasparov anatsika n'kukhala pansi pa bokosi la mawaya. Ndiye kutinso khanda la sabata imodzi, kapena agogo amene ayamba kuiwala mayina a ana awo, ali pansi pa foni imene ili m'thumba mwanumo. Palibe mmodzi mwa ife angavomere zimenezo, ndipo kukana kwathuko kukusonyeza kuti muyesowo ndi wolakwika.

Tsopano tibwere kwa munthu wokhala ndi makina m'thupi. Mawu akuti cyborg anawapeka ndi Manfred Clynes ndi Nathan Kline m'chaka cha 1960, poganizira za anthu opita mumlengalenga. Koma anthu oterewa analipo kale. M'chaka cha 1958, madokotala a ku Sweden anaika pacemaker, kachipangizo kowongolera kugunda kwa mtima, m'thupi la bambo wina dzina lake Arne Larsson. Iye anali woyamba kuikidwa kachipangizo kotere m'kati mwa thupi. Anamusinthira tizipangizo toposa 20 m'moyo wake, ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, dokotala amene anamuchita opaleshoni uja atatsogola kale. Mu January 2024, kampani ya Neuralink ku America inaika kachipangizo mu ubongo wa Noland Arbaugh, mnyamata amene anafa ziwalo pa ngozi, ndipo anayamba kusewera chess pa kompyuta pongoganiza, osagwira kanthu.

Kodi anthu awiriwa umunthu wawo unachepa? Tikanena kuti unachepa, ndiye tiyambe ndi ife ovala magalasi, kenaka amalume a mwendo wochita kupanga ndi azakhali ovala kothandizira kumva m'khutu. Makinawo sanachotse kanthu pa ulemu wa anthu amenewa. Komanso sanawonjezere kanthu, ndipo mbali iyi ndiyo tiyenera kuisamala. Zipangizo zotere ndi zodula. Likadzafika tsiku loti olemera azigula maso akuthwa ndi chikumbumtima choposa cha anzawo, padzapezeka ena onena kuti mawu awo azimveka koposa, kapena kuti voti yawo iziwerengedwa kawiri. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lathu limateteza ulemu wa anthu onse, ndipo silifunsa kuti m'thupi mwa munthuyo muli chiyani.

Nanga makina oyankhula? Apa vuto ndi lakuti ife anthu sitichedwa kukopeka. M'chaka cha 1966, Joseph Weizenbaum wa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT anapanga pulogalamu yosavuta yotchedwa ELIZA, imene inkangotembenuza mawu a munthu n'kuwabweza ngati funso. Mlembi wake, amene ankadziwa bwino lomwe kuti ndi pulogalamu chabe, anapempha bwana wakeyo kuti atuluke m'chipinda kuti iye acheze nayo momasuka. Mu 2022, injiniya wa ku Google, Blake Lemoine, analengeza kuti pulogalamu ya kampaniyo yotchedwa LaMDA ili ndi maganizo ndi mantha ngati munthu. Kampaniyo inatsutsa, ndipo inamuchotsa ntchito. Mapulogalamu onga ChatGPT, amene anatuluka kumapeto kwa chaka chomwecho, anaphunzitsidwa pa zolemba zochuluka zedi za anthu, ndipo ntchito yake ndi kulosera mawu oyenera kutsatira mawu anzake. Pulogalamu yotere ikalemba kuti "ndikuopa kufa", mawuwo paokha si umboni wa mantha, pakuti anthu ambirimbiri analemba kale zomwezo.

Ine ndikuona miyeso iwiri yodalirika. Woyamba anaufotokoza Jeremy Bentham wa ku England mu 1789, pamene ananena kuti pa nkhani ya nyama chofunika kufunsa ndi chakuti kodi imamva kuwawa. N'chifukwa chake mnyamata womenya ng'ombe ya pangolo mopanda chifundo timamudzudzula, koma woswa khasu timangomulipiritsa. Akatswiri mpaka lero sanagwirizane njira yoyezera ngati makina akumva kanthu. Umboni wotere ukadzapezeka, tidzayenera kuwachitira chifundo chimene timachitira ng'ombe ija, mwinanso choposa.

Muyeso wachiwiri ndi wa kuyankha mlandu. Munthu timatha kumuitanira pabwalo, amachita manyazi, amapepesa, amalipira mbuzi. Akamwalira mnansi amakagona pa maliro. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Kompyuta ikakulakwirani simungaiitanire kwa amfumu. Mlandu umabwerera kwa amene anaipanga ndi amene anaigwiritsa ntchito.

Mabwana ndi madona, ngozi imene ili pafupi nafe ndi yotsitsa anthu kuti akhale pansi pa makina. Mu October 2017, dziko la Saudi Arabia linalengeza kuti lapereka unzika kwa loboti yotchedwa Sophia, osati loboti ya pamsewu ija, koma chidole cha makina chokhala ndi nkhope ya mzimayi. Pa nthawi imeneyo amayi enieni a dzikolo anali asanayambe kuyendetsa galimoto, mpaka mu June 2018. Ku Netherlands, ofesi ya misonkho inkagwiritsa ntchito pulogalamu yosankha anthu oti afufuzidwe pa ndalama zothandizira kulera ana, ndipo unzika wa dziko lina unkawerengedwa ngati chizindikiro chokayikitsa. Mabanja oposa 20,000 ananamiziridwa chinyengo n'kulamulidwa kubweza ndalama zambiri, ena mpaka kulowa mu umphawi. Nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi udindo mu January 2021. Pulogalamuyo sinatule pansi udindo uliwonse, chifukwa inalibe.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Muno muli ogwira ntchito m'mabanki, m'zipatala, m'makhoti ndi m'maofesi a boma. Tonse tinamvapo yankho lija lakuti, "Pepani, sisitimu yakana." Mayi wamasiye amene wayenda ulendo wa tsiku lathunthu kudzalondola penshoni ya mwamuna wake sangakadandaule kwa sisitimu. Pempho langa kwa inu ndi ili: kulikonse kumene muli ndi udindo, makina awerengetsere ndi kulangiza, koma chigamulo chokhudza ntchito, ngongole, chithandizo kapena ufulu wa munthu chikhale ndi dzina ndi siginecha ya munthu, amene wodandaula angathe kumupeza pa desiki n'kumufunsa chifukwa chake. Ndipo ngati dzinalo ndi lanu, muwerenge fayiloyo musanasaine.