KABWATO KOYENDETSA NDI WAILESI

Ku Kitwe ndi ku Ndola kulibe nyanja, koma kuli amisiri ambiri. Munthu wa m'shapu ya pa mgodi adziwa kupima citsulo ndi kulumikiza mawaya a magetsi, ndipo ana a ku Wusakile ndi ku Chifubu apanga magalimoto a waya okhota bwino lomwe. Nkhani ya lero iri ya anthu otere. Inena za kapangidwe ka kabwato kofanizira bwato lopulumutsira anthu panyanja, kamene mwini wace akayendetsa ndi wailesi ali ciriri pamtunda.

Ena adzati nchito yotere njacibwana, koma mabwato opulumutsira anthu anayamba ndi timabwato totere. M'caka ca 1789 combo cochedwa Adventure cinasweka pa mathiriro a mtsinje wa Tyne ku Mangalande, ndipo anthu ace anafa khamu la pamtunda likupenya, losowa bwato lakuti nkulowa nalo m'mafunde. Akulu a mzinda wa South Shields anaika mphotho ya munthu wopeza bwato loyenera. William Wouldhave anabwera ndi kabwato kacitini kamene kanali kudzuka kokha munthu akakabvundikira m'madzi. Nzeru imeneyi inacedwa kulandiridwa kufikira mpikisano wa mu 1851, umene anthu anatumizako timabwato 280, napambana James Beeching ndi kabwato kodzuka kokha. Kuyendetsa bwato ndi wailesi anakuonetsa Nikola Tesla ku New York mu 1898.

Anthu ocokera ku Malawi adziwa mtengo wace wa nzeru imeneyi. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inagubuduka ndi namondwe pafupi ndi Florence Bay, kumene lero kuchedwa Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Bwato likagona cam'mbali, moyo wa onse okweramo utsamira pa cinthu cimodzi: kodi kulemera kwace kuli pansi kapena pamwamba?

Mmisiri ayambe ndi muyeso. Wosabvuta ndi wa inci imodzi pa phazi limodzi. Bwato la mtundu wa Oakley, limene linayamba nchito ku Mangalande mu 1958, linali la mapazi 37, tsono kabwato kace kadzakhala ka mainci 37. Koma apa mpamene ambiri aphonya: kulemera sikugawidwa ndi 12 ai, koma ndi 1,728, pakuti utali, ufupi ndi msinkhu zonse zacepa pamodzi. Bwato la matani 10 lipatsa kabwato ka mapaundi 13, ndiwo makilogalamu osakwana 6. Kakapitirira pamenepo kadzakhala pansi m'madzi monga ngalawa yodzaza cimanga.

Ayale msana wa kabwato pa thabwa loongoka, aimike nthiti za pulaiwudi, ndipo akute nthitizo ndi timatabwa topyapyala, kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere, kuti thupi lingapotoke. Guluu akhale wosasungunuka ndi madzi, utoto upakidwe katatu kapena kanai, mkati ndi kunja komwe. Kapaipi kopitamo mtanda wa pulopela adzazemo girisi, cifukwa madzi akonda kulowera pamenepo.

Tsono nchito yeniyeni ndiyo kuika zolemera. Batire, mota ndi mtovu zigone pansi penipeni, pa msana, ndipo zimangidwe zolimba; batire loseguka ligwera kudenga kabwato kakagubuduka, ndipo sikadzukanso. Wogwira mtovu asambe m'manja asanadye, pakuti uli ndi ululu, monga adziwa anthu a ku Kabwe. Kanyumba ka pamwamba kakhale kopepuka ndi kotsekeka, kuti mpweya ungatulukemo. Kabwato kakabvundikirika, mpweya uja ukhala pansi pa madzi nufuna kukwera, mtovu ukhala pamwamba nufuna kutsika, ndipo ziwirizi zikatembenuza. Wopanga kanyumba ka thabwa locindikala cifukwa ca kukongola kwace wataya zonsezi.

Wailesi yace iri pawiri: bokosi lotumiza, logwira m'manja, ndi kabokosi kolandira, kokhala m'kabwato. Kolandirako kalamulira timakina tiwiri, kena kokhotetsa tsigiro, kena koonjeza kapena kucepetsa mphamvu ya mota. M'zaka za m'ma 1950 mawailesi otere anali a mavalavu, olemera, ndipo anthu awiri akayendetsa pamodzi, wina anali kukhotetsa bwato la mnzace. A masiku ano a 2.4 GHz amvera bokosi la mwini wace lokha, koma mafunde ace sapyola madzi bwino, kotero kawaya kolandirira kakhale pamwamba, kutali ndi mota. Kabokosi kolandira kakulungidwe m'pulasitiki.

Mayeso oyamba acitike kunyumba, m'bafa kapena m'mgolo waukulu. Mmisiri aone ngati madzi afika pa mzere wace, kenaka akankhire kabwato cam'mbali, potsiriza akabvundikire ndi kucotsa manja. Kakacedwa kudzuka, atsitse mtovu kapena apepuze kanyumba, ndipo ayesenso. Akatha atsegule ndi kufunafuna madontho.

Pambuyo pace apite nako ku madzi odikha monga damu la Mindolo ku Kitwe kapena pa Kafubu ku Ndola, atapempha cilolezo kwa oyang'anira malowo. Ayatse bokosi la m'manja poyamba, kolandira pambuyo, ndipo mnzace ayende nako kabwato mapazi ambiri pamtunda kuona ngati tsigiro limverabe. Kakaima pakati pa madzi, munthu asasambire kukatenga, pakuti m'madzi oima mukhala likodzo, ndipo mitsinje ya dziko lino iri ndi ng'ona. Atenge cingwe ca mbedza comangirira kampira kunsonga, aponye kupitirira kabwato, ndi kukoka pang'onopang'ono kufikira kafika kugombe.