Chipatala Chimafunanso Anthu Odziwa Kuwerengera Ndalama

Mawu amene analankhula mmodzi mwa ophunzira akale pa msonkhano wathu wa pachaka



Ndikuthokoza a komiti pondipatsa mpata woti ndilankhulepo za maphunziro a ana athu. Ine ndinaphunzira za bizinesi ku Polytechnic mu mzinda wa Blantyre, sukulu imene kuyambira m'chaka cha 2021 ikutchedwa MUBAS, ndipo ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoyendetsa chipatala china cha mishoni. Sindibaya jekiseni, sindipima odwala, koma ndaona ndi maso anga kuti moyo wa munthu umatha kupulumuka kapena kutayika chifukwa cha zimene zalembedwa m'mabuku a mu ofesi.

Ambiri a ife mwana akati akufuna kugwira ntchito m'chipatala timangoganiza za udokotala kapena unamwino. Akapanda kupeza malo ku KUHeS timamuona ngati khomo la chipatala lamutsekera. Abale anga, chipatala chili ndi makomo ambiri. Dokotala angathe kudziwa bwino lomwe matenda a wodwala, koma ngati mu famase mulibe mankhwala, ambulasi ilibe mafuta, jenereta yazima pakati pa opaleshoni, nzeru zake zonse zithera pomwepo. Amene amaonetsetsa kuti zinthu zimenezi zilipo ndi woyang'anira chipatala, wowerengera ndalama, wogula katundu ndiponso woyang'anira antchito, ndipo ambiri mwa iwo anaphunzira za bizinesi.

Ndipereke chitsanzo cha ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze kuti chipatala chimagwiritsa ntchito mabotolo 300 a madzi a diripi pa mwezi, ndipo oda ikatumizidwa katundu amafika pakatha miyezi iwiri. Munthu wodziwa ntchito amasunga padera katundu wa mwezi umodzi kuchitira za mwadzidzidzi. Choncho pashelefu pakatsala mabotolo 900, oda iyenera kuchoka tsiku lomwelo. Akadikira mpaka atatsala 300, ndiye kuti chipatalacho chidzakhala mwezi wathunthu chopanda diripi. Masamu ake ndi a pulaimale, koma kumbukirani mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wodwala kolera amapulumuka akabwezeredwa madzi m'thupi msanga. Pa nthawi ngati imeneyo, kadi ya sitoko yolembedwa bwino ndi mankhwala pa iyo yokha.

Lamulo lina la m'nyumba yosungira mankhwala n'lakuti mankhwala amene masiku ake atsala pang'ono kutha ndiwo amayamba kutuluka, ngakhale anafika pambuyo pa anzake. Mukanyozera lamulo limeneli mudzapezeka mukuotcha makatoni a mankhwala otha mphamvu, pamene odwala akubwezedwa pawindo kuti akagule okha.

Chachiwiri ndi nkhani ya ndalama zakunja. Mankhwala ambiri amene timagwiritsa ntchito amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Mu November 2023 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inakwera kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bajeti imene inalembedwa kumayambiriro kwa chaka inangotsala dzina. Apa panafunika munthu wokhala pansi ndi madokotala, n'kugwirizana kuti ndi mankhwala ati amene sitingakhale opanda, ndi zinthu ziti zimene zingadikire. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri lopita kunja, mabungwe a za umoyo kuno kwathu anakumana ndi funso lomwelo. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku za umoyo, koma maiko ambiri sanafikepo. Ndalama zikachepa m'pamene wodziwa kuzigawa amafunika koposa.

Nanga ntchito zake zili kuti? Zilipo m'zipatala zazikulu za boma monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, ndiponso m'zipatala za m'maboma zimene zili pansi pa makhonsolo. Zilipo m'zipatala za mipingo zimene zili m'bungwe la CHAM, zambiri mwa izo zili kumidzi. Kumeneko boma limachita mgwirizano ndi chipatala kuti amayi oyembekezera athandizidwe ulere, kenaka boma lidzabweze ndalamazo. Ngati palibe wolemba ma invoisi molondola ndi kulondoloza malipiro, mgwirizanowo umaima, ndipo mayi wa kumudzi amayamba kuganiza zochilira kunyumba. Zilipo ku Central Medical Stores Trust, kumene amagula ndi kugawa mankhwala a zipatala za boma, ku mabungwe a inshuwalansi ya za umoyo monga MASM, ndi ku zipatala za anthu wamba.

Kwa makolo amene muli ndi ana ku sekondale, malangizo anga ndi awa. Mwanayo alimbikire masamu ndi Chingerezi, pakuti ntchito yathu ndi ya manambala ndi malipoti. Ku koleji asankhe digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, ya akaunti, kapena ya kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu. Nthawi ya atachimenti ikafika asathamangire ku banki kokha, apemphe malo ku chipatala. Akafika kumeneko asakhale mu ofesi mokha. Alowe m'mawodi, apite ku khitchini, ku londire ndi ku labu, aphunzire mayina a mankhwala ndi mmene anamwino amasinthanirana ntchito usiku. Munthu wa bizinesi amene sadziwa chifukwa chake katemera amasungidwa mu furiji adzaona ngati ndalama zokonzetsera furijiyo zingadikire mwezi wamawa. Atagwira ntchito zaka zingapo angathe kuwonjezera maphunziro a kayendetsedwe ka za umoyo, kapena kulemba mayeso a ICAM ngati ali wa akaunti.

Ndisabise mawu, ntchitoyi ili ndi mayesero ake. Malipiro nthawi zambiri safika pa a ku banki. Wogulitsa katundu adzabwera ndi envelopu kuti mumusankhe iyeyo. Wachibale adzapempha kuti mumutulutsire katoni ya mankhwala pakhomo la kumbuyo, ndipo tonse taonapo mankhwala a boma akugulitsidwa m'misika. Wosayina pepala lotere samuona munthu amene wamulakwira, koma munthuyo alipo, wagona pa bedi kudikira mankhwala amene sadzafika. Pa chifukwa chimenechi digiri payokha siikwanira. Khalidwe limene aphunzitsi athu anatiphunzitsa pa sukulu pano ndilo limagwira ntchito pamene palibe wokuona.

Pomaliza, A Wapampando, ndili ndi mapempho awiri kwa bungwe lathu. Loyamba, pamene tikukambirana za thumba lothandizira ophunzira osowa, tisaiwale ana amene asankha maphunziro a bizinesi, makamaka amene ali ndi mtima wokatumikira m'zipatala za kumidzi. Lachiwiri, ife amene tili pa ntchito m'zipatala ndi m'mabungwe a za umoyo tilembetse mayina kwa a Mlembi, kuti teremu iliyonse mmodzi wa ife azibwera kudzacheza ndi ana a Folomu 3 ndi 4, ndiponso kuti tiziwathandiza kupeza malo a atachimenti. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga la chipatala amasenza ndi dokotala, namwino, mzamba, dalaivala wa ambulasi, ndi uja wakhala ndi mabuku mu ofesi. Ine dzina langa ndalembetsa kale m'mawa uno.