Zilembo za pa Boma ndi Dzanja la Mphunzitsi

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Lundazi)

Ndine wamng'ono pakati panu, koma mundilole ndinene pang'ono za zilembo zimene ziri pa makoma ndi pa zikwangwani za pa boma pathu pano.

Nyumba ija ya Castle, imene Bwana DC Errol Button anamangitsa m'masiku a Northern Rhodesia, mlendo aizindikira ndi nsanja zace zokha. Koma sitolo, cigayo, ofesi ndi cipinda colandirirako mankhwala zifanana zonse, njerwa pansi, malata pamwamba. Cozisiyanitsa ndico cilembo. Tsono mai wocokera ku Chasefu kapena ku Lumezi, mwana wodwala ali kumbuyo, akapeza mau othithikana kapena opotanapotana ngati mitawa ya maungu, ataya nthawi yace pa khomo losayenera.

Nkhani iyi inabvuta ngakhale mizinda yaikuru. Mu 1916 Edward Johnston anakonza zilembo zosakometsera za pa masiteshoni a njanji ya pansi pa nthaka ku London. Kuyambira mu 1957 Jock Kinneir ndi Margaret Calvert anakonza zikwangwani za m'miseu ya ku Britain, nasankha kulemba dzina la malo ndi cilembo cacikuru poyamba pokha, zotsalazo zazing'ono. Cifukwa cace ndi ici: iwo anakhulupirira kuti diso la munthu wa paulendo siliwerenga cilembo cimodzicimodzi, koma ligwira maumbidwe a liu lonse. Mau a zilembo zazikuru zokhazokha aoneka ngati njerwa zofanana.

Nanga olemba zikwangwani athu anaphunzira kuti? Anaphunzira kwa ife, pa bolodi ndi coko. Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu.

Coyamba, tiphunzitse mpata. Pakati pa mau awiri pakhale malo okwana cilembo "o", ndipo mwana ayese liu lonse ndi pensulo asanagwire utoto, kuti zilembo zomariza zisafinyike pa mphepete.

Caciwiri, tiyese nchito yathu patali. Mwana akalemba "Cipatala" pa thabwa, anzace abwerere mapazi makumi awiri. Cimene iwo alephera kuwerenga cilembedwenso, ngakhale cikhale cokongola cotani.

Cacitatu, tikumbukire cinenero. Ana athu ambiri alankhula Citumbuka kwao, aphunzira Cinyanja m'sukulu, napeza Cingerezi pa boma. Pa malo ofunika, monga pa cipatala ndi pokwerera basi ya ku Chipata, mau a kwathu ayenera kuima pamodzi ndi Cingerezi, olembedwa monga mwa kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unabvomereza mu 1977.

Tiyambe ndi cikwangwani ca sukulu yathu yomwe, pakuti ico ndico tsamba loyamba limene kholo liwerenga lisanaone mphunzitsi. Ngati utoto wace unafufuma, ana a kalasi lalikuru acilembenso teremu ino isanathe.