Msana Wathu ndi Ngozi za Pamsewu

Lero ndilankhula makamaka ndi inu a m'masukulu a ku Nyimba ndi ku Petauke, pakuti ambiri a inu mumakhala m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East Road. Msewu umenewu umachokera ku Lusaka, nudzera m'mapiri a Manenekera, nuoloka mtsinje wa Luangwa pa mlatho umene unamangidwa m'chaka cha 1968. Kuchoka apo umapyola ku Kacholola, ku Nyimba, pa mphambano ya ku Petauke, ku Sinda ndi ku Katete mpaka ku Chipata. Usana ndi usiku mumadutsa mabasi, malole ndi njinga zamoto. Ena a inu mumaoloka msewuwu popita kusukulu, ndipo ena mumathandiza amayi kugulitsa nthochi basi ikaima pa Nyimba.

Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu padziko lonse. Koma nkhani yathu lero ndi ya amene amapulumuka atavulala msana. Munthu wotere angapwetekedwe kawiri ndi anthu omufunira zabwino: poyamba pomunyamula mofulumira, kachiwiri pomulandirira ndalama mofulumira.

Tsono pisani dzanja kumbuyo kwa khosi lanu, mutsike nalo pang'onopang'ono. Kodi mukumva timafupa tondondozana ngati mikanda? Mafupa a msana alipo 33. M'khosi muli 7, kumbuyo kwa chifuwa kuli 12, m'chiuno muli 5, ndipo otsalawo ali pansi, ambiri a iwo ndi olumikizana. Pakati pa mafupawa pali ngalande, ndipo m'ngalandemo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Amene munaonapo mbuzi ikusendedwa mukukumbukira kachingwe koyera, kofewa, kamene kamaoneka fupa la msana likadulidwa. Kachingwe kotero kali mwa ife tonse. Ndiko kamene kamapereka mauthenga a ubongo ku manja ndi ku miyendo, ndi kubweza ku ubongo mauthenga a kutentha, kuzizira ndi ululu.

Fupa likathyoka limalumikizana. Koma mtsempha umenewu ukaduka, madokotala alibe njira youlumikizira. Ukavulala m'chiuno kapena kumbuyo kwa chifuwa, miyendo imafa ndipo munthu amalephera kudziletsa mkodzo ndi chimbudzi. Ukavulala m'khosi, manja nawonso amafa, ndipo nthawi zina ngakhale kupuma kumavuta.

Mvetsetsani apa, ana inu. Nthawi zina ngozi imathyola fupa lokha, mtsempha nutsala wamoyo. Kenaka anthu amathamangirapo, wina nagwira mikono, wina miyendo, namponya wovulalayo kumbuyo kwa lole msana utapindika ngati uta. Fupa lothyokalo limasuntha ndi kudula mtsempha umene ngozi inausiya. Munthu amene akanayendanso sayendanso.

Nanga tichitenji? Tiyerekeze kuti galimoto lagunda munthu wa panjinga pafupi ndi sukulu yanu. Ntchito ya mwana ndi kuitana akulu msanga, osati kunyamula. Akulu aike nthambi pamsewu kutali ndithu mbali zonse ziwiri kuti magalimoto ena achepetse liwiro, ndipo wina aimbire apolisi pa nambala ya 991. Mufunseni wovulalayo ngati akumva kupweteka m'khosi kapena kumsana, ngati ali ndi dzanzi, ndiponso ngati angathe kugwedeza zala za kumanja ndi za kumapazi. Ngati wakomoka, muyeseni ngati wovulala msana. Musamuimiritse, musamukhazike tsonga, musamukoke miyendo kuti muiwongole, ndipo musampatse madzi kapena chakudya. Munthu mmodzi agwade kumutu ndi kugwira mutuwo ndi manja onse awiri kuti usatembenuke. Kumuchotsa pamalopo mwamsanga kumaloledwa pokhapokha ngati pali moto, madzi kapena choopsa china.

Ngati ambulansi palibe, funani chitseko kapena thabwa lalikulu. Pakhale anthu anayi kapena asanu. Wogwira mutu ndiye alamule, ndipo onse amutembenuze wovulalayo nthawi imodzi ngati chipika, mutu, chifuwa ndi chiuno zikuyendera pamodzi. Atamugoneka pa chitsekocho, aike nsalu zopinda mbali zonse za mutu ndi kumumanga ndi zitenje kuti asagwedezeke panjira. Apite naye ku chipatala chapafupi, kaya ndi cha boma pa Nyimba kapena pa Petauke, kaya ndi cha mishoni ku Minga. Madokotala akaona kuti vuto ndi lalikulu amatumiza wodwala ku zipatala zazikulu monga cha St Francis ku Katete, cha ku Chipata kapena cha UTH ku Lusaka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tifike pa kufulumira kwachiwiri. Aphunzitsi, gawo ili ndi lanu kwambiri, chifukwa pamudzi pakagwa vuto anthu amabwera ndi mapepala awo kwa inu.

Munthu wakufa ziwalo amafuna chithandizo moyo wake wonse. Afunika njinga ya olumala, matiresi ofewa, mankhwala ndi ndalama zoyendera kuchipatala. Afunika womutembenuza pa maola awiri alionse kuti asachite zilonda za pabedi, zimene zimapha anthu otere pamodzi ndi matenda a m'chikhodzodzo. Ngati anali mlimi, munda wake wa chimanga ndi mtedza umasowa wolima. N'chifukwa chake malamulo amalola munthu wovulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina kupempha chipukuta misozi.

Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la m'chaka cha 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA, limafuna kuti galimoto lililonse loyenda pamsewu likhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene lingawavulaze. Koma a inshuwalansi salipira pa mawu apakamwa, amafuna umboni. Motero tsiku lomwelo wina alembe nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, dzina la mwini wake, kampani ya inshuwalansi, malo, nthawi ndi maina a mboni. Ngoziyo idziwitsidwe kwa apolisi, ndipo banja litenge lipoti la apolisi ndi lipoti la dokotala. Malisiti onse a mankhwala ndi a ulendo asungidwe m'kope limodzi. Ntchito yolemba imeneyi ngakhale mwana wa giredi 6 angaigwire.

Pali zinthu zitatu zimene mabanja amasokonezeka nazo. Choyamba, mlandu umene apolisi amatengera dalaivala kukhoti ndi wa boma, ndipo faindi imene angalipire imapita ku boma. Mlandu wa chipukuta misozi ndi wina, ndipo wouyambitsa ndi wovulalayo kapena, ngati ndi mwana, kholo lake. Chachiwiri, nthawi ili ndi malire: malamulo a Zambia amapereka zaka zitatu zoyambitsira mlandu wa kuvulala kwa thupi. Chachitatu, ndalama za inshuwalansi yokakamizidwa ija zili ndi polekezera, ndipo kawirikawiri sizikwana pa kulumala kwa moyo wonse. Zotsalazo zingafunidwe kukhoti kwa dalaivala, ndiponso kwa bwana wake ngati ngoziyo inachitika ali pantchito. Poweruza, khoti limaona ululu umene munthu wamva, ndalama zimene waononga, ntchito imene sadzagwiranso ndi chisamaliro cha m'tsogolo.

Kawirikawiri mwini galimoto amabwera kuchipatala ndi ndalama pang'ono kapena mbuzi, napempha kuti nkhani ithere pomwepo. Kupepesa ndi mwambo wabwino, ndipo sitiukana. Koma pepala lonena kuti nkhani yatha lisasainidwe dokotala asananene za kukula kwa chilemacho, ndiponso loya asanaliwerenge. Ndalama zimene zimaoneka zambiri sabata yoyamba zimatha chaka chisanathe. Amene alibe ndalama zolipira loya apite ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, limene lili ndi ofesi ku Chipata. Safunsa anadya phula.

Dziwaninso kuti khoti lingachepetse malipiro ngati wovulalayo nayenso sanasamale. Chotero mangani lamba m'galimoto, valani chipewa cholimba pa njinga yamoto, musakhale pamwamba pa matumba m'lole, ndipo poyenda pansi yendani mbali yoyang'anana ndi magalimoto akubwera.

Potsiriza, kulumala si kutha kwa munthu. Ku England, dokotala wina dzina lake Ludwig Guttmann anatsegula gawo la ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville m'chaka cha 1944. M'chaka cha 1948 anayambitsa masewero a odwala ake, ndipo masewerowo anakula mpaka kukhala mpikisano wa Paralympic umene unachitika koyamba ku Rome m'chaka cha 1960. Kuno kwathu lamulo la Persons with Disabilities Act la m'chaka cha 2012 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala. Mnzanu akabwerera kusukulu pa njinga ya olumala, mukonzereni njira yolowera m'kalasi ndipo mukhale naye pamodzi monga kale.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa tulukani ndi ana panja. Mmodzi agone pansi, asanu ayese kumuika pa thabwa monga tafotokozera, ena onse aone ngati mutu wagwedezeka. Kenaka mwana aliyense alembe m'kope lake zinthu zisanu zoyenera kulemba pamalo a ngozi, ndipo madzulo akawerengere makolo ake. Tsalani bwino, ana inu, mpaka sabata ya mawa.